Modemu ikuyankha lamya, koma malonje akudukadukiza ndipo siidula foni

Kalaliki wa ku Mpingo:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ya mpingo wathu, pamene pali lamya yapansi imene akhristu achikulire amaikhulupirirabe kuposa uthenga wa pa WhatsApp. Ine ndimaweruka 4 koloko madzulo, koma uthenga wa maliro ndi wa matenda suona nthawi. Pa chifukwa chimenechi mphwanga anaika Debian, mtundu wa Linux umene umayendetsa kompyuta yonse, pa kompyuta yakale ya mu ofesi, pamodzi ndi mapulogalamu oyankha lamya a mgetty ndi vgetty, n'kulumikiza modemu (kachipangizo kolumikiza kompyuta ku lamya) yakunja ya chingwe cha serial imene tinaipeza m'kabati, kuti lamya ikaitana kanayi kompyuta iziyankha, izilonjera woimbayo, kenaka izijambula uthenga wake.

Kuyankha ikuyankha ndithu, koma pali zovuta ziwiri. Malonje amene ndinajambula akumveka modukadukiza, moti mayi wina anandifunsa ngati ndinali ndi ntchirichi pojambulapo. Chachiwiri n'chakuti woimba akadula foni, kompyuta imapitiriza kujambula kulira kwa tu-tu-tu kwa mphindi 5 ndendende, ndipo nthawi yonseyo wina aliyense woimba amapeza lamya ili yotanganidwa. Mphwangayo anabwerera kusukulu. Kodi vuto lili pa modemu, kapena pali chimene sitinachitchere bwino?

Chisale wa Mawaya:

Bambo Kalaliki, musanagule chilichonse, yambani mwaifunsa modemuyo kuti imadziwa chiyani. Imitsani kaye vgetty, tsegulani minicom, pulogalamu yolemberapo malamulo opita kwa modemu, pa doko (polowera chingwe) limene modemu yalumikizidwa, lomwe kawirikawiri limakhala /dev/ttyS0, ndipo mulembe AT+FCLASS=? basi. Pa manambala amene ibweze, 0 akuimira deta, 1 ndi 2 akuimira fakisi, pamene 8 ndiye wa mawu. Mamodemu akale a kampani ya Rockwell anali ndi chinenero chawochawo, choncho ikakana lamulo limeneli muyese AT#CLS=? m'malo mwake. Mukatero mulembe AT+VSM=? kuti muone mitundu ya mawu imene imalandira.

Kudukadukiza kumene mwafotokoza ine ndikukuganizira pa liwiro la doko, ndipo masamu ake ndi apafupi. Modemu yotsatira muyezo wa V.253 imatha kutenga mawu osapanikiza, zidutswa 8,000 pa sekondi, chidutswa chilichonse chili baiti imodzi, yomwe ndi mabiti 8. Pa chingwe cha serial baiti iliyonse imayenda ndi mabiti 10, chifukwa pamawonjezeka biti yoyambira ndi yotsekera, ndiye kuti pakufunika mabiti 80,000 pa sekondi. Mu fayilo ya voice.conf, imene imasunga matcheredwe a vgetty, mzere wa port_speed umabwera uli pa 38400, umene suli ngakhale theka la chofunikacho. Modemu imalankhula zimene yalandira, zimaithera, imadikira, kenaka n'kuyambiranso, ndipo ntchirichi imene mayi aja anamva ndi imeneyo. Liwiro la 38400 linkakwanira pa mamodemu a Rockwell aja chifukwa ankapanikiza mawu kukhala mabiti 4 pa chidutswa chilichonse, zidutswa 7,200 pa sekondi, zimene pa chingwe zimangofika 36,000. Inu muike 115200, popeza ngakhale 57600 ndi yoperewera.

Muonenso chingwe chenichenicho. Zingwe zina zotchipa zimakhala ndi mawaya atatu okha m'kati, opanda a RTS ndi CTS, amene modemu imagwiritsa ntchito pouza kompyuta kuti iyambe yaima kaye. Popanda amenewo mawu amasokonekerabe ngakhale liwiro likhale lokwanira.

Kalaliki wa ku Mpingo:

Zikomo kwambiri, a Chisale. Modemu yabweza 0, 1 ndi 8, ndipo pa mitundu ya mawu paoneka 8000. Mzere uja unalidi pa 38400. Nditausintha ndinadziimbira ndi foni yanga ya m'manja ndili pakhonde, ndipo malonje anamveka osalala kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Koma nkhani ya kusadula foni ija ikadalipo.

NaBanda ku Leeds:

Bambo, mphindi 5 zimene mwatchulazo zandiuza zambiri, chifukwa ndi masekondi 300, amene ndi malire a rec_max_len mu voice.conf momwemo. Tanthauzo lake n'lakuti palibe chimene chikuuza vgetty kuti woimba wapita, ndipo ikungodikira kuti nthawi ithe.

Pa lamya yapansi modemu ilibe njira yotsimikizika yodziwira kuti mbali inayo yadula, koma imangomvetsera ngati munthu. Ikamva kulira kosonyeza kutanganidwa imatumiza kwa kompyuta chizindikiro chapadera chotchedwa DLE chotsatana ndi chilembo b, ndipo ikamva kuti pali zii imatumiza s kapena q. Tsoka lake kulirako kumasiyana dziko ndi dziko. Ku America ndi mawu awiri osakaniza, a 480 Hz ndi 620 Hz, pamene m'maiko ambiri ndi liwu limodzi la 400 kapena 425 Hz, ndipo kutalika kwa kulira ndi kupuma kwake kumasiyananso. Modemu yotcheredwa za ku America imamva tu-tu-tu wanuyo ngati munthu amene akulankhulabe, moti siinena kuti lamya yatanganidwa, siinenanso kuti pali chete. Mulembe AT+GCI? kuti muone dziko limene yatcheredwa, ndi AT+GCI=? kuti muone maiko amene ili nawo. Dziko lathu mwina simulipezamo, choncho muyese angapo a ku Ulaya mmodzimmodzi, mukudziimbira ndi kudula, uku mutakweza voice_log_level kuti logi, fayilo imene vgetty imalembamo zochitika, izionetsa ngati chilembo b chija chafika.

Zikakanika zonsezi, mutsitse rec_max_len kufika pa 90. Munthu wonena za maliro amatchula dzina, mudzi ndi tsiku la mwambo, ndipo mphindi imodzi ndi theka imamukwanira. Mzere wa rec_silence_len, umene umawerengedwa m'magawo khumi a sekondi ndipo umabwera uli pa 70, ine sindingaufupikitse, chifukwa agogo athu akamva kulira kwa makina amayamba akhala chete kudikira kuti wina awayankhe moni. Mukaufupikitsa mudzawadula asanatsegule pakamwa.

Mwachita bwino kuti iziyankha itaitana kanayi. M'maiko ambiri nambala ya woimba imabwera pakati pa kuitana koyamba ndi kwachiwiri, ndipo modemu yoyankha msanga imaiphonya. Kuno ku Britain imabwera lamya isanaitane n'komwe, zimene zinandisowetsa mtendere kwa sabata yathunthu.

Mkulu wa Mpingo Mnzanu:

Za mawaya ndazisiyira anzathuwa, koma ine nkhawa yanga ili pena. Uthenga wa maliro ukalowa 7 koloko usiku n'kugona m'kompyuta mpaka inu mutatsegula ofesi m'mawa, woimbayo amagona ali ndi chikhulupiriro chakuti mpingo wamva, pamene palibe amene wamva. Lamya yongoitana osayankhidwa inali yabwinoko pamenepa, chifukwa munthu ankadziwa kuti ayenera kutuma mwana kwa abusa. Mu voice.conf muli mzere wa message_program, umene umayendetsa pulogalamu iliyonse imene mwasankha uthenga ukangojambulidwa. Ife tinalemba kapulogalamu kamene kamatenga fayilo ya mu /var/spool/voice/incoming, kuisandutsa fayilo ya mawu ya mtundu wa WAV kudzera pa mapulogalamu a rmdtopvf ndi pvftowav, n'kuitumiza pa imelo kwa akulu awiri a mpingo. Ngati ofesi yanu ilibe intaneti usiku, malonje anu anene poyera kuti uthengawo umvedwa mawa, ndipo atchule nambala ya m'manja yoimbapo pa zadzidzidzi.

Popeza dzinja layandikira, mugulenso kotetezera mphenzi ka pa waya wa lamya, osati ka pa soketi ya magetsi kokha. Modemu yathu yoyamba inapsera ku mbali ya waya wa lamya, kompyuta ili yozimitsa.

Kalaliki wa ku Mpingo:

Ndathokoza nonse. Mayi NaBanda, modemu inalidi yotcheredwa za ku America, ndipo pa dziko lachitatu limene ndinayesa yayamba kudula patangopita masekondi ochepa. Intaneti ya mu ofesi ndi ya pa foni yanga, imene ndimapita nayo kunyumba, choncho malonje ndawajambulanso monga mwa uphungu wa akuluwa. Nkhani ya amene nambala yake itchulidwe m'malonjemo ndikaitula ku msonkhano wa akulu a mpingo Loweruka lino.