Chinkhoswe cha mng'ono wanga chayandikira, ndikagule kuti mphatso zokongola zosakhala za pulasitiki?

Nachisale wa ku 25

Moni nonse abale. Mng'ono wanga, chitsiriza m'nyumba mwathu, ali ndi chinkhoswe mwezi wamawa, ukwati mu Okutobala. Akakhala ku Area 49, nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Amayi anatisiya kale, ndiye womulongedzera katundu wolowera m'banja ndine.

Pa ukwati wanga mu 2014 ndinalandira mabeseni a pulasitiki asanu ndi awiri, ndowa zinayi, majagi ndi makontena osawerengeka. Ndinathokoza ndi mtima wonse, koma lero palibe n'chimodzi chomwe chatsala. Beseni likakhalitsa padzuwa limauma, tsiku lina ukangolinyamula ndi madzi limang'aluka m'manja. Zonse zinathera kudzala, ndipo mpaka pano ndikamalima kadimba kanga kuseri, khasu limafukula zidutswa zofiira ndi zobiriwira, sizinaole ngakhale pang'ono. Chimene chilipo ndi mtsuko umene agogo anandiumbira kwathu ku Nkhoma. Uli pakona pa khonde, wovundikira ndi mbale, madzi ake ozizira bwino ngakhale magetsi atazima tsiku lonse.

M'mawa uliwonse minibasi ikamawoloka mlatho wa Lilongwe kulowera ku depoti ndimaona majumbo ndi mabotolo atakodwa m'mphepete mwa mtsinje, mtima umandiwawa. Sindikufuna kuti mphatso yanga ikathere mmenemo.

Koma mwanayu ndi wamakono, amakonda zinthu zooneka bwino, safuna nyumba yooneka ngati sitolo ya ziboliboli. Ndasunga K250,000. Ndikagule kuti, ndipo ndigule chiyani? Komanso pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town ndinaona kabokosi ka mtengo wonunkhira, akuti ndi sida wa ku Mulanje, koikamo ndolo ndi mikanda. Kanandisangalatsa kwambiri. Pali amene anagulapo?

Mayi a Tadala, Area 18

Asisi, dzukani m'mamawa Loweruka mupite ku Dedza Pottery. Ndi msewu wa M1 womwewu, makilomita pafupifupi 85, mumakhota musanalowe pa boma. Anthu aja anayamba kuumba mu 1987, ndipo ali ndi mbale, makapu, matiipoti ndi mbale zazikulu zolowa mu uvuni. Zina anajambulapo nsomba, nyama kapena mudzi, zina n'zamtundu umodzi basi, zosalala. Kwa mtsikana wamakono tengani zamtundu umodzizo, zimagwirizana ndi tebulo lililonse.

Ine ndinagula mbale zisanu ndi imodzi mwana wanga woyamba ali kumsana, pano ali Fomu 2, yasweka ndi imodzi yokha. Musamwaze ndalama pa tizinthu tambirimbiri, gulani seti imodzi yokwanira ndi mbale yaikulu yopakuliramo ndiwo. Iliyonse muigogode ndi chala: yabwino imalira ngati belu, yamng'alu imalira mogontha. Pobwerera muzikulunge m'chitenje, muziike pamiyendo, osalola kondakitala aziike ku buti. Chitenje chomwecho chidzakhalanso chokutira mphatso, simudzafuna mapepala onyezimira aja ongotayidwa tsiku lomwelo.

Gogo Mbewe

Mwanangu Nachisale, kabokosi kaja kasiye, ndakupempha. Ndinagwira ntchito ya zankhalango zaka zambiri ndisanapume, ndipo nkhani ya mkungudza, sida wa ku Mulanje wanenayo, imandiliza. Mtengo umenewu mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha, dziko lonse lapansi palibenso kwina. Kamuzu anaulengeza kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Fungo lokomalo ndi limene lauphetsa, pamodzi ndi kuti chiswe sichiudya ndipo suola msanga. Anthu anaucheka usiku ndi usana, kutsika nawo matabwa pamutu, moto wolusa n'kumaliza timitengo tating'ono. Pamene akatswiri anakawerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Akubzala ina tsopano, koma mkungudza sukula ngati bulugama, amene akubzala lero sadzauona utakhwima. Wogulitsa akakuuza kuti ndi thabwa lakale, iwe ulibe njira yodziwira. Ukagula kamodzi, mawa apita kukafuna kena.

Chimodzimodzi phingo. Umatenga zaka zambirimbiri kuti mtima wake wakudawo ukhwime. Ndiponso zambiri zimene amati ndi phingo zimakhala mtengo wamba wopakidwa polishi wa nsapato. Ukapukuta ndi kansalu koyera umaona yekha.

Sindikuti usagule za mtengo ayi. Osema nawonso ali ndi ana ofuna fizi. Ungofunsa kuti mtengo wanji. Malayina, mango, bulugama, jakaranda, imeneyo ndi yobzala, ukadula umabzalanso. Ukafuna kuona kusema kwenikweni, tsiku lina udzapite ku Mua, ku Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Kumeneko udzadziwa kusiyana kwa ntchito ya manja ndi zongothamangitsa.

Koma ine ndikanakhala iwe ndikanagula mipando iwiri ya nsungwi, yolukaluka ija amagulitsa m'mbali mwa msewu. Ife timaidutsa osaicheukira, pamene kunja akuigula modula, akuitchula dzina la dziko lathu lomwe. Nsungwi ukadula tsinde limaphukanso, pakapita zaka zochepa wadulanso. Pogula uutembenuze mpandowo, uugogode pansi. Ukaona kafumbi konga ufa kakugwa, kapena timabowo tating'ono, dziwa kuti wafumbwa, usiye. Ukhalepo, ugwedezeke, umve ngati ukulira m'mfundo.

China, usaiwale moto wophikira. Makala ambiri a mumzinda muno akuchokera ku Dzalanyama, komwe kumachokeranso mtsinje wa Lilongwe, madzi omwe timamwa kudzera ku damu la Kamuzu ku Malingunde. Mbaula ya Chitetezo, yadothi ija, imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Ngati achibale angasonkherane, kasilinda ka gasi n'kabwino koposa.

Chiko_Kawale

Anti, ndilankhule mosabisa, chifukwa ndine wa msinkhu wa mng'ono wanuyo. Pa chinkhoswe anthu amayang'ana. Mukangotulutsa lichero, mthiko ndi mtsuko pamaso pa akuchimuna, ena adzanong'onezana kuti mwapeputsa mwambo, pamene mwawononga ndalama zambiri kuposa wobwera ndi mabeseni. Ndiye kakonzedwe kake kakhale kapamwamba. Sankhani mitundu iwiri yokha, mwachitsanzo yabuluu ndi yoyera, zonse zitsatire imeneyo.

Komanso tisanamizane, madzi akasiya kutuluka pampopi munthu amafuna chosungira. Mukapanda kumugulira ndowa, adzagula yekha yapulasitiki sabata yoyamba. Pitani kwa okhoma zidebe mumugulire ndowa ziwiri za malata okhuthala. Ikadontha amaimata, siitayidwa.

Za nsalu, kuli a Mayamiko amene amasokera ku Chinsapo, ndi a Kibebe amene zinthu zawo amasoka ndi anthu a ku Dzaleka ku Dowa pamodzi ndi a midzi yozungulira. Onsewa ali pa intaneti, mukhoza kuona kaye. Ndalama ikachepa, chitani zimene ndinachita ine: ndinapempha telala wanga zidutswa za zitenje zotsala, zimene akanakazitaya kapena kuziwotcha, anandisokera zovala za mapilo zinayi ndi kansalu kautali kapakati pa tebulo. Aliyense wobwera kwathu amafunsa kumene ndinagula. Zitenje zambiri za mumsika zimachokera kunja, ndiye mukafuna zathu funsani za Mapeto za ku Blantyre.

Muwonjezere zikwama ziwiri zansalu zopitira kumsika. Majumbo opyapyala aja, osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa jumbo), boma linawaletsa mu 2015, makampani anakatsutsa kukhoti, Khoti Lalikulu la Apilo n'kugamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhale. Mayi Gloria Majiga-Kamoto analandira mphoto ya Goldman, ya oteteza chilengedwe, mu 2021 chifukwa cholimbana nayo nkhaniyi. Komabe ukagula tomato wa pamulu amakuikira mujumbo, pokhapokha utatambasula chikwama chako.

Mwana wa Mlukamadengu

Mayi, bambo anga aluka malichero ndi madengu kwathu ku Mitundu kuyambira ndisanabadwe, sukulu ndaphunzira ndi ndalama ya nsungwi. Mlongo wanga Chiko wanena zoona kuti ena amaderera, koma m'nyumba mopanda lichero mpunga amapetera pati?

Posankha lichero liyang'anitseni kudzuwa. Kuwala kukamadutsa m'mipata, ufa udzadutsanso. Yendetsani chala m'mkombero monse, pomwe anamangirira pakhale pothina, popanda nsonga yobaya. Labwino limalemerako pang'ono ndipo mukalipinda limabwerera. Bambo amadula nsungwi zokhwima nthawi ya chilimwe, amazing'amba, amazipala ndi mpeni mpaka zisalale, n'kuzinyika m'madzi kuti zifewe asanayambe kuluka. Dengu limodzi lalikulu limawatengera masiku, zala zimachita kutupa. Ndiye chonde, mukafika pamsika nenererani mwaulemu, koma osafika pomulipira munthu ngati wangotola panjira.

Musasokoneze mphasa ndi mkeka. Mphasa ndi ya bango, yolimba, yoyanikira ufa kapena kukhalira pabwalo. Mkeka ndi wa mlaza, wofewa, umapindika, ndipo ena amaulowetsa mitundu. Wa pabalaza ndi mkeka. Abwino amachokera kunyanja, ndipo amene akupita ku Salima mukhoza kumutuma, pa msewu wa ku Senga Bay amagulitsanso madengu a zivundikiro oikamo zovala zochapa ndi zotchingira mababu. Mkeka usagone ponyowa, umachita nkhungu.

Dengulo musalipereke lopanda kanthu. Ikanimo mpunga wa Kilombero, khofi wa ku Mzuzu, tiyi wa ku Thyolo ndi botolo la uchi. Mlimi wa njuchi sadula mtengo umene wapachikapo mng'oma wake, ndiye uchi umenewo ndi ndalama yosunga nkhalango.

Nachisale wa ku 25

Abale inu, zikomo, mwandichotsa mtolo pamutu. Agogo a Mbewe, kabokosi kaja ndakasiya. Ndinadutsanso pamenepo Lachinayi, ndinakanyamula, ndinakanunkhiza, n'kukabwezera. Mnyamata wogulitsayo ndinamufunsa ngati angandisemere kena ka mtengo wa mango, wavomera, ndikakatenga sabata yamawa. Ndamuuza kuti asakapake polishi wakuda, kaoneke mtengo wake mmene ulili.

Loweruka ndinapita ku Dedza monga munanenera Mayi a Tadala. Ndatenga mbale zisanu ndi imodzi zabuluu wakuda, makapu ake, ndi mbale yaikulu ya ndiwo. Ndinagogoda iliyonse, mayi wogulitsa anachita kundithandiza kumvetsera. Ndalama yapita yambiri kuposa mmene ndimaganizira, moti mipando ya nsungwi idikira malipiro a mwezi uno, idzakhala ya pa ukwati. Gasi ndauza alongo anga awiri kuti asonkherane, avomera.

Chiko, mawu ako ndawamva, ndipo sindinakhumudwe. Ndasankha buluu ndi zoyera, telala wa pakhonde pafupi ndi kwathu wayamba kale kusonkhanitsa zidutswa. Ndowa za malata ndagula imodzi, ina ndiwonjezera. Koma lichero ndi mthiko ndidzazitulutsa ndithu pamaso pa anthu onse, chifukwa ndi zimene amayi akanamupatsa akanakhala moyo.

Chatsala ndi mtsuko. Agogo amene anaumba wanga uja anamwalira, ndipo kumudzi kwathu atsikana sanaphunzire kuumba. Ndikufuna woumba ndi manja, wowotcha bwino, wakhosi lopapatiza kuti madzi azizizira, osati miphika ya maluwa ya m'mbali mwa msewu. Achimwene a ku Mitundu, tsiku la msika kwanuko amabwera nayo amayi oumba? Ngati amabwera, ndiuzeni tsiku lake ndi nthawi yabwino yofikira, ndipo muwauze bambo andisungire malichero awiri ndi dengu limodzi lalikulu, ndidzatenge ulendo womwewo.