Mumadziwa bwanji kuti munthu ali ndi makadi abwino kapena akungokuopsezani?

Kanyimbi_Joni:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndili ku Joni kuno, Loweruka lapitali ndinalowa tournament ya poker, mtundu wa Texas Hold'em, pa kasino ina ndipo mpaka lero zikundiwawabe. Tinangotsala pang'ono kufika pa malo olandira ndalama, ine ndili ndi Ace ndi Queen (A-Q), flop (makadi atatu oyamba a pa tebulo, ogwiritsa ntchito tonse) inabwera Q-7-2, ndiye mdala wina wa chipewa amene anakhala phee pafupifupi maola awiri akungotaya makadi anakankha ma chips ake onse pakati, manja akunjenjemera mpaka mulu wina kugwa. Mumtima ndinati uyu wagwidwa ndi mantha, akunama, ndinapanga call, nane nkuika ma chips anga onse. Anatembenuza ma 7 awiri, kuphatikiza wa pa tebulo uja kukhala atatu. Ndinadzuka pampando. Inu mumaona chani pa munthu kuti mumuzindikire?

MaiAwiri_Leeds:
Pepani achimwene koma mdalayo anakuuzani zonse, inu simunamve. Kunjenjemera kwa manja nthawi zambiri ndi kwa munthu amene wapeza makadi akulu, thupi limangomupitirira chifukwa cha chimwemwe. Wonama ndi amene amauma gwa, sapuma bwino, safuna muone kalikonse. Mike Caro, wolemba mabuku a poker, anaziphunzitsa kalekale zimenezi, kuti ochita zinthu mwadala amaonetsa ngati ndi ofooka pamene ali ndi mphamvu, ndipo amadzionetsa amphamvu pamene alibe kanthu. Koma ngakhale manja aja mukanapanda kuwaona, munthu wataya makadi maola awiri kenako mwadzidzidzi all in pafupi ndi bubble (pamene patsala pang'ono kuti otsala onse ayambe kulandira ndalama), ameneyo saika ndalama yake pa chinthu chopanda pake.

Chikwanje77:
Ine nkhope ndinasiya kuyang'ana kalekale, anthu amavala magalasi akuda ndi ma hoodie, ena ndi akatswiri ochita sewero. Chomwe ndimayang'ana ndi ndalama. Akulowa kangati, akalowa amakweza kapena amangotsatira, amakweza zingati akakhala ndi zabwino, ndipo nthawi yabwino yophunzirira anthu ndi pamene iwe wataya kale makadi ako, osati kutulutsa foni nkuyamba WhatsApp ngati momwe ambiri amachitira. Pa showdown, pamene otsala akuonetsa makadi awo, yang'anitsitsa zomwe watembenuza nkubwerera m'mutu kuti pa flop anatani, pa turn (khadi lachinayi la pa tebulo) anatani, chifukwa pamenepo ndi pokhapo pomwe sangakunamize. Masewera akazungulira tebulo lonse kawiri kapena katatu umakhala wawagawa kale, uyu ndi wouma manja amadikira ma Ace, uyu ndi calling station samataya ngakhale ali ndi ka pair kakang'ono ndiye usamupange bluff (kumuopseza ulibe kanthu), ungomubetchera ukakhala ndi zenizeni, uyu ndi wamisala amakweza chilichonse ndiye mudikire adzakubweretsera yekha ma chips. Ndipo mu tournament munthu amasintha ndi stack yake (mulu wa ma chips omwe ali nawo) aise, amene watsala ndi ma big blind 8 okha (big blind ndi beti yokakamizidwa yomwe timayezera stack) amakankha ndi makadi ambiri, pamene wa stack yapakatikati pa bubble amaopa kufa asanalandire kanthu. Mdala wanuyo anali ndi zingati?

Bambo_Tiyamike:
Musadziimbe mlandu kwambiri. Mu 2003 pa Main Event ya World Series of Poker ku Las Vegas, Sammy Farha, katswiri weniweni, anali ndi Q-9, pair yapamwamba pa tebulo, Chris Moneymaker anakankha zonse pa river (khadi lachisanu, lomaliza) ali ndi K-7 yopanda kanthu. Farha anamuyang'ana nthawi yaitali, anamulankhulitsa, munthu osagwedezeka, mapeto ake anataya makadi opambana. Moneymaker anapambana mpikisanowo nkutenga $2.5 miliyoni atalowera kudzera pa satellite, ka tournament kopezera mpando, ka pa intaneti. Chizindikiro chimodzi chokha sichikwanira, muziphatikiza ndi mbiri ya munthuyo kuyambira pomwe anakhala pampando.

Kanyimbi_Joni:
@Chikwanje77 anali ndi ma big blind ngati 30, kundiposa pang'ono. Ndiye sikuti anapanikizika ayi. Ndipo zoona, maola awiri onsewo ine ndinali pa foni.