Gulu la Chitukuko cha Kwathu ku Thyolo: simenti ya ku Joni yafika

Mlembi: Moni nonse. Matumba 150 a simenti amene abale athu a ku Joni anasonkha afika. Komiti ikuti timange matenite pachipatala chathu chaching'ono. Maganizo anu.

Achimwene a ku Luchenza: Tisanapite patali, malata a ulendo uja ali kuti?

Mayi Namwino (opuma): A Mlembi, makoma okha si matenite. Mzamba sakhazikika pamalo popanda nyumba yake, madzi ndi magetsi. Pochira pamafunika madzi usiku ndi usana, ndiye kuti mjigo wa pampu ya sola ndi thanki ya malita 5,000 pamwamba. Oxytocin, jakisoni woletsa mayi kutaya magazi, amasungidwa mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8. Akakhalitsa pamalo otentha amatha mphamvu, mumabaya koma magazi osaleka. Pafunikanso dzenje la nsengwa lokhala ndi chivindikiro, ng'anjo yowotchera zinyalala, zimbudzi ndi bafa. Zimenezi pa pulani ya komiti palibe.

Amalume Amisiri: Simentiyo muikhazike pa matabwa, isagunde khoma kapena pansi. Ndi chiperoni chathuchi, pakatha miyezi itatu mupeza miyala. Komanso nyumba za boma masiku ano safuna njerwa zowotcha, ndi mabuloko. Matumba 150 akathera pa maziko, silabu ndi mabuloko, denga mulibe.

Wapampando: Chipatala cha Malamulo chinayamba pang'onopang'ono. Nafenso tiyambe, zina zitipeza m'njira.

Mayi Namwino (opuma): Bambo Wapampando, Malamulo ndi mishoni ya 1902, ndipo chinaikuza ndi sukulu yophunzitsa anthu a chipatala. Queens inatsegulidwa 1958, koma madokotala athu tinayamba kuwaphunzitsa konkuno College of Medicine itabwera mu 1991. Pano pa Thyolo, bungwe la madokotala la MSF linafika 1997, ma ARV anayamba 2003. Anafika bwanji kumidzi? Anaphunzitsa anamwino ndi alangizi a zaumoyo kugwira ntchito imene kale inkadikira dokotala wa ku boma. Anthu kaye, makoma pambuyo. Ine ndikuti simentiyi imange nyumba ya mzamba ndi chidikiro.

Achemwali a ku Ndirande: Chidikiro cha chiyani pomwe pochirira palibe?

Mayi Namwino (opuma): Ndiye chifukwa chake tikakhale pansi ndi ofesi ya DHO, yoyang'anira zaumoyo m'boma lino, tisanakumbe maziko. Pulani ya chipatala imachokera ku unduna, idutse ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), ya dera (ADC) mpaka kukhonsolo. Mukamanga zanuzanu akhoza kukana kuilandira, n'kusanduka mogona mileme. Ndipo opareshoni pachipatala chaching'ono sachita. Mwana akapingasa, ndi ambulansi kupita ku boma kapena ku Malamulo, zikavuta Queens. Msewu wathu uja mvula ikagwa mukuudziwa.

Achimwene a ku Luchenza: Funso langa la malata lamezedwa.

Msungichuma: Imeneyo inali komiti yakale, achimwene. Ife tinalandira buku lopanda malisiti.

Achimwene a ku Luchenza: Komiti yakale theka lake ndi inu nomwe.

Msungichuma: Tchulani dzina ngati muli ndi umboni.

Achemwali a ku Ndirande: Komanso n'chifukwa chiyani chilichonse chimamangidwa tsidya lomwelo? Ife a kutsidya kuno timawoloka mtsinje ndi machira.

Amalume Amisiri: Mlatho ndi nkhani ina, umafuna zitsulo za Y12 ndi Y16 ndiponso injiniya wa khonsolo. Simenti yokha siikwanira. Makiyi a komwe kuli matumbawo akusunga ndani? Pakhale maloko awiri, kiyi wina kwa amfumu, ndipo thumba lililonse lotuluka lisainidwe.

Wapampando: Makiyi ali ndi ine.

Achimwene a ku Luchenza: Ehee. Ulendo ujanso zinali choncho.

Mlembi: Chonde tilemekezane. Msonkhano ndi Loweruka pabwalo la amfumu, 2 koloko.

Achemwali a ku Ndirande: Loweruka a Seventh Day tili kutchalitchi. Mumachitira dala.