Za Islam Feruz uja ndinafunsa, nazi zomwe ndapeza

Paja ndinafunsa kuti kodi mnyamata wobadwira ku Somalia amene ankasewerera matimu achisodzera a Scotland anathera kuti. Zikomo nonse amene munandikumbutsa dzina lake: ndi Islam Feruz.

Anabadwira ku Kismayo mu 1995, ndipo banja lake litathawa nkhondo linakakhazikika ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland. Celtic, timu ya mpira ya mumzindawu, inamutola ali mwana. Tommy Burns, mphunzitsi wa kumeneko, ndi amene anathandiza kuti banjali lisabwezedwe kwawo. Choncho Feruz atachoka n'kupita ku Chelsea mu 2011, ochemerera Celtic zinawawawa kwambiri, ena mpaka kumanena kuti mwanayo ndi wosayamika. Ine ndimaona kuti kumeneko kunali kumuweruza mopitirira, munthu wa zaka 16 amangotsata zomwe akuluakulu amuuza.

Poyamba zinkayenda. Mu 2012 anatenga chikho cha FA Youth Cup ndi achisodzera a Chelsea, ndipo chaka chomwecho anasewerera timu ya Scotland ya osapitirira zaka 21 ali ndi zaka 16 zokha.

Zitatero panayamba kubwerekedwa uku ndi uku: OFI Crete ku Greece, Blackpool, Hibernian, Mouscron ku Belgium, kenako Swindon Town. Paliponse sanakhalitse, zigoli nazo zinauma. Chelsea inamutaya mu 2019 asanasewereko ngakhale masewero amodzi a mpikisano m'timu yaikulu. Zaka 8 zonsezo malipiro ankalandira ndithu, koma m'bwalo ankalowa mwa apo ndi apo.