Malimu a 17 pa galimoto yobwera ndi a 15: ndigule kapena ndisiye?

Wa Corolla: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Galimoto yanga inabwera ndi matayala a 195/65 R15. Wina akugulitsa malimu a 17 olembedwa 8J ET35, okongola zedi, ndipo akuti alowa popanda vuto. Mtima wagwa kale, koma ndikuopa kuti azidzakhula mudigadi. Ndi ogula amenewa?

Wa Golf: Gulani achimwene. Galimoto imaoneka bwino ndi malimu, komanso pokhota imagwira msewu kuposa ndi matayala onenepa aja. Ine yanga ili pa 17 ndipo sinakhulepo.

Makaniko: Zoti yanu sikhula sizikutiuza kanthu za galimoto ya anzanuyi, bwana. Tiyambe ndi tayala. Pa 195/65 R15, 195 ndi kufutukuka kwake m'mamilimita, 65 akutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi 65 peresenti ya 195 ija, 15 ndi limu m'mainchi. Tayala lonse likaima limatalika pafupifupi 634 mm. Mukaika 225/45 R17 mupezanso 634, ndiye sipidomita siyinama. Mpaka apa palibe vuto.

Chikundidetsa nkhawa ine ndi 8J ET35 yo. 8J akutanthauza kuti limu ndi lofutukuka mainchi 8, ET35 ndi mamilimita 35 kuchoka pakati penipeni pa kufutukukako kufika pamene limu limakhudzana ndi habu, chitsulo chimene limamangidwapo. Tiyerekeze kuti malimu anu akale ndi 6J ET45, mukaone kuseri kwake amalemba. Limu latsopanoli ndi lofutukuka kuposa lakale ndi mainchi awiri, inchi imodzi kunja, ina mkati. ET ikatsika ndi 10, limu limasunthira kunja ndi 10 mm. Ndiye kuti m'mphepete mwake mutuluka pafupifupi 35 mm kulowera ku mudigadi, ndipo mkati muyandikira shoka ndi 15 mm. Malo amenewo muli nawo? Musayerekeze ndi maso, tengani tepi muyeze.

Wa Corolla: Ee, za ET zi sindimazidziwa n'komwe. Ogulitsa anangoti mabawuti ndi asanu ngati anga.

Makaniko: Asanu inde, koma otalikirana bwanji? Pali 5x100, pali 5x114.3, pali 5x112, onsewo mabowo asanu koma salowana. Muonenso bowo lapakati. Likachepa limu silikhala pa habu, likakula pamafunika timaringi, apo ayi chiwongolero chingamanjenjemere mukathamanga.

Mayi wa Sienta: Ine ndilankhula ngati munthu wonyamula ana ndi katundu tsiku ndi tsiku. Galimoto ikakhala yopanda kanthu zonse zimaoneka bwino. Kwezani anthu atatu kumbuyo, mudutse pa hampu, mpamene mumve tayala likulira pa mudigadi. Ndipo kukhulako sikuti ndi phokoso lokha, chitsulo chija chimadula khoma la tayala pang'onopang'ono. Khoma likang'ambika silimatika, n'kugula lina basi.

Wa Golf: Amayi, zimenezo zili ndi mankhwala ake. Amapinda mlomo wa mudigadi, nkhani yatha.

Mayi wa Sienta: Ndiye munthu agule malimu, agule matayala anayi atsopano, alipirenso wopinda mudigadi, penti isweke, dzimbiri liyambe? Nanga akagwa mu dzenje? Khoma la 45 ndi lalifupi, limu limapindika msanga. Kwa ine sizoyenera ndalama zake.

Makaniko: Onse awiri muli ndi mfundo. Kugwira msewu pokhota n'zoona, kuuma kwa galimoto pa mabampu n'zoonanso, ndipo tayala lofutukuka ndi limu lolemera zimawonjezako mafuta pang'ono. Mukanandifunsa ine ndikanati 16, limu la 6.5J la ET yoyandikira yakale, tayala 205/55 R16. Limeneli limatalika 632 mm, kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, ndipo maonekedwe asintha ndithu. Onaninso kapepala komata pachitseko cha dalaivala, nthawi zambiri pamalembedwa masaizi amene opanga galimoto anavomereza. Nambala ya katundu amene tayala limanyamula isatsike kuposa yakale.

Wa Golf: 16 siyoipa, koma ine ndikanayesa kaye a 17 wo ndisanawakane.

Makaniko: Kuyesa n'kwabwino. Amange limodzi kutsogolo lili ndi tayala, atsitse jeke, apinde chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, kenako limodzi kumbuyo anthu atakwera. Chala chikalephera kulowa pakati pa tayala ndi shoka kapena mudigadi, asiye.

Wa Corolla: Zikomo nonse. Ndiwauza ogulitsa kuti ndalama ndipereka tikayesa kaye. Akakana, ndiyamba kusaka a 16.