Kodi n'zoona kuti mawu oti "salary" anachokera ku mchere?

Nasibeko walemba:

Ndimaphunzitsa Chingelezi kusekondale, ndipo ophunzira anga andifunsa ngati n'zoona kuti asilikali a ku Roma ankalipidwa mchere, n'kuti mawu oti "salary" anachokera pamenepo. Ndikupempha inu amene mumatsata mbiri ya mawu kuti mundiunikire, komanso munditchulireko mawu ena a zachuma ndi zantchito amene gwero lake ndi lodziwika bwino.

A Mbewe ayankha:

Mayi Nasibeko, nkhaniyi ili ndi mbali yoona komanso mbali yokokomeza. Mawuwa anachokera ku mawu a Chilatini oti "salarium", omwe muzu wake ndi "sal", kutanthauza mchere, ndipo Pliny the Elder, wolemba mabuku wa ku Roma amene anamwalira m'chaka cha 79 AD, analemba kuti dzina la malipirowa linachokeradi ku mchere. Komabe iye sananene kuti msilikali ankapatsidwa mchere m'malo mwa ndalama, pakuti asilikali a ku Roma ankalandira ndalama zachitsulo monga dinari. Ine ndikadakhala inu ndikadawauza ana za muzuwo, koma za asilikali osenza mchere pakutha pa mwezi ndikadazisiya.

Mawu amene mbiri yake ndi yolimba ndi "money". Pa phiri la Capitoline mumzinda wa Rome panali kachisi wa mulungu wamkazi Juno Moneta, ndipo pamalo amenewo ndi pomwe Aroma ankasulira ndalama. Dzina loti Moneta linabala "money", linabalanso "mint", malo osulira ndalama.

Nangondo ayankha:

A Mbewe afotokoza bwino, koma asiya ng'ombe kunja. Mawu oti "pecuniary" anachokera ku "pecus", kutanthauza ziweto, pomwe "capital", "cattle" ndi "chattel" ndi ana a mimba imodzi, chifukwa onse amabwerera ku mawu a Chilatini oti "caput", omwe ndi mutu. Ngakhale "fee" ndi wachibale wa mawu a Chingelezi chakale oti "feoh", amene ankaimira ng'ombe ndi chuma nthawi imodzi. Wophunzira wa ku Mzimba kapena ku Nsanje, kumene khola la ng'ombe limaonetsa ulemerero wa banja, sangavutike kumvetsa zimenezi.

A Chirwa ayankha:

Mayi, onjezaniponso "bank", lochokera ku mawu a Chitaliyana oti "banca", benchi yomwe osintha ndalama ankagwirirapo ntchito pamsika. "Bankrupt" ndi "banca rotta", benchi yothyoka, ngakhale nthano yakuti anthu ankathyoladi benchi ya munthu wolephera kubweza ngongole ndimaiika m'gulu limodzi ndi ya mchere ija.

"Dollar" ndi dzina la malo lofupikitsidwa. Cha m'ma 1520, m'chigwa cha Joachimsthal ku Bohemia, komwe lero ndi Jáchymov m'dziko la Czech Republic, ankasula ndalama zasiliva zotchedwa "Joachimsthaler". Anthu anadula dzinalo n'kukhala "thaler", ndipo podzera m'Chidatchi linafika m'Chingelezi ngati "dollar".

Pa zantchito, "boss" ndi "baas" wa Chidatchi, yemweyo amene agogo athu ankamumva kumigodi ya ku Johannesburg. "Strike" amati inayamba kutanthauza kunyanyala ntchito mu 1768, pamene amalinyero a ku London anatsitsa matanga a zombo kuti zisanyamuke mpaka malipiro awo atakwezedwa, pakuti m'chiyankhulo cha apanyanja kutsitsa thanga ankakutchula ndi mawu omwewo.