Loji ina ku Mangochi yatichita chipongwe, ndalama zathu tingazipeze bwanji?

NaPhiri_waChilomoni:
Abale ndithandizeni nzeru chifukwa mpaka pano mtima ukundiwawa. Pa Mother's Day pa 15 October paja ine ndi achemwali anga tinasonkherana kuti tiwatengere amayi kunyanja akapumeko, tinapeza loji ina cha ku Mangochi pa Facebook, zithunzi zake eee mchenga mbee mabedi oyala bwino, ndinaimba foni akuti zipinda ziwiri zoyang'ana kunyanja zilipo, bafa ndi toileti mkati momwemo, fani, kadzutsa ali mu mtengo womwewo, koma tumizani theka kaye. Ndinatumiza pa Mpamba tsiku lomwelo.

Tanyamuka mu Limbe mmawa kudzera ku Zomba ndi Liwonde, tafika masana dzuwa lili phwee mukudziwa kutentha kwa ku Mangochi mu October. Pa risepishoni mtsikana ali pa foni osatiyang'ana nkomwe, atamaliza watsegula buku akuti dzina lanu mulibemo. Ndamuonetsa meseji ya Mpamba, wapita kuseri, tadikira amayi atakhala pa mpando wa pulasitiki thukuta kamukamu, pobwera akuti zipinda zija alowamo ena koma tikupatsani zina. Zinazo ndi zakuseri pafupi ndi khitchini, zenera likuyang'ana mulu wa makreti, fani osazungulira, neti yong'ambika, pa shawa madzi osatuluka mpaka kutibweretsera mu ndowa. Usiku magetsi athima akuti jenereta ilibe dizilo. Chambo tinaitanitsa dzuwa likulowa chinabwera amayi atagona kale ndi njala. Mmawa kadzutsa uja ndi tiyi ndi buledi basi, dzira mulipire padera.

Ndiye mtengo sanatsitse ngakhale tambala. Manijala tsiku lonse "abwana atuluka", titawapeza pochoka anangoti mayi nthawi ya holide ndi mmene zimakhalira. Pano pa WhatsApp akungowerenga osayankha. Kodi pali kokadandaula kapena ndingoiwala?

Jah_Ndix:
Pepani asisi koma munakagonamo bwanji? ine ndikanangoti bwezani dipoziti yanga pompo ndikasake kwina, maloji ndi ambiri msewu wa ku Monkey Bay uja kuyambira Nkopola, Makawa mpaka ku Cape Maclear. Mukagona ndi kulipira zonse iwo amati munavomereza

NaPhiri_waChilomoni:
@Jah_Ndix achimwene pa Mother's Day mungapeze kuti chipinda madzulo? tinayesa kuimba kwina konse kodzadza, komanso amayi ndi achikulire miyendo imavuta sitikanayenda nawo uku ndi uku

AnkoloBen_Bangwe:
Ine ndinagwirapo ntchito mu loji ina kunyanja komweko kwa zaka ndithu ndisanabwerere ku Blantyre, ndiye ndikuuzeni zimene zimachitika kuseri. Dzina lanu silinasowe mwangozi ayi. Masiku ngati amenewo, Khirisimasi, Isitala, Mother's Day, munthu amabwera pa geti ndi kashi mmanja nkunena kuti ndiwonjezera pamwamba, bwana amangoti mpatseni chipindacho, wa dipoziti uja tiona akafika. Amadziwa kuti mukafika mwatopa, mwaotcha kale mafuta kuchokera ku Blantyre, simubwerera. Nambala imene munatumizako ndalama mwina ndi ya bwana mwiniwake ali ku tauni, wa pa risepishoni sanauzidwe kanthu, ndiye mtsikana uja musamude kwambiri, ena mwa ana amenewa amangotengedwa aganyu sabata ya holide yokhayo osaphunzitsidwa chilichonse, malipiro akenso ochepa zedi nthawi zina mochedwa.

Za jenereta zija nthawi zambiri dizilo amakhalapo koma bwana analamula kuti isalizidwe kupitirira nthawi yakutiyakuti. Chambo chochedwa ndiye ndikuchidziwa bwino kkkk mukaitanitsa mpamene mnyamata amakwera njinga kukasaka kwa asodzi, mufiriji mulibe kanthu poti magetsi sadalirika.

Chinanso zithunzi za pa Facebook musamazikhulupirire, zambiri ndi zakalekale. Chaka cha 2024 nyanja inakwera kwambiri madzi analowa mmaloji ambiri ku Mangochi, ena mchenga wonse unamira, zipinda zakutsogolo zinaonongeka, koma zithunzi akuikabe zomwe zija za kale. Muziti akujambulireni kavidiyo ka chipinda chenichenicho tsiku lomwelo musanatumize ndalama.

MaiChisomo265:
Osaiwala ayi mwana wakwathu, kuiwalaiwala komweku nkomwe kwawazoloweza anthuwa. Kuli bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, ntchito yawo ina ndi yomweyi yolandira madandaulo a ogula, kulonjeza china nkupereka china ndi mlandu pa lamulo lawo. Kulinso a CAMA, bungwe lomenyera ufulu wa ogula, a Kapito aja, ali mu Blantyre mommuno. Komanso loji iliyonse imayenera kukhala ndi laisensi yochokera ku unduna woona zokopa alendo, ndiye nakonso mutha kukanena.

Koma musanapite konseko sonkhanitsani umboni. Meseji ya Mpamba musaifufute, jambulani zokambirana zonse za pa WhatsApp makamaka pamene analonjeza zipinda zoyang'ana kunyanja ndi kadzutsa, positi yawo ya pa Facebook ijambuleninso asanaichotse, ngati munajambula neti ndi shawa ija ndiye bwino kwambiri. Kenako alembereni kalata, osati voisi noti yokalipa, kalata yeniyeni yonena zimene munagwirizana, zimene munapeza, ndalama zimene mukufuna abweze ndi tsiku lomaliza. Musafune zonse poti munagonamo, funani kusiyana kwa mtengo wa zipinda munalipira ndi zimene anakupatsani, kuphatikiza za kadzutsa. Kodi risiti anakupatsani?

NaPhiri_waChilomoni:
Risiti anangolemba pa kapepala ndi bolopeni, palibe chidindo. Koma malonjezo aja ambiri anali pa foni, pa WhatsApp pali pomwe analemba kuti "2 rooms lake view" ndi mtengo basi

MaiChisomo265:
Pomwepo mpokwana. Ndipo kapepala kopanda chidindoko kasungeni, mukawatchulira kuti risiti yovomerezeka ndi MRA sanakupatseni muona mmene ayankhire msanga

Jah_Ndix:
Tchulani dzina la lojiyo tisakagweremo ifenso Khirisimasi ikubwerayi

AnkoloBen_Bangwe:
Dzina adikire kaye aise, akalitchula pano bwana uja apeza pothawira aziti mwatiipitsira mbiri ndiye sitibweza kanthu. Kalata iyambe, akakana ndiye aike riviyu pa Google ndi zithunzi zake

NaPhiri_waChilomoni:
Zikomo nonse, achemwali ali ndi zithunzi za ndowa ija ndi neti mu foni mwawo, kalata ndilemba usiku uno ndiwapatsa mpaka Lachisanu sabata yamawa. @MaiChisomo265 ndikulowereni ku inbox mundionereko ndisanatumize